Kabokosi ka Masamu ka Oxford: Ndinakayesa ndi Malamulo a Ngodya ndi Mizere

Teremu yoyamba ikamayandikira, makolo amene ana awo asankhidwa kupita ku Fomu 1 amalandira mndandanda wa zinthu zoti agule, ndipo pakati pa makope, yunifolomu ndi nsapato zakuda pamakhala chinthu chimodzi chimene ambiri amalipira osachitsegula n'komwe. Chinthucho ndi kabokosi kachitsulo ka zipangizo za masamu, kamene tonse timangokatchula kuti insitulumenti. Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera, ndipo chaka chilichonse pamabwera makolo ondifunsa ngati n'kofunikadi kutaya ndalama zambiri pa kabokosi ka Oxford pamene pamsika pali timabokosi tina tofanana nako maonekedwe koma totsika mtengo kwambiri. Funso limeneli ndimalilemekeza, chifukwa kholo limene lagulitsa thumba la chimanga kuti mwana alowe sukulu liyenera kudziwa kumene kwacha iliyonse ikupita. Pofuna kuyankha ndi umboni, ndinagula kabokosi ka Oxford m'sitolo ya mabuku m'tauni, ndinagulanso tiwiri totchipa kwa ogulitsa a pamsika, ndipo tonse titatu ndinatigwiritsa ntchito pa thebulo langa ndi m'kalasi kwa teremu yathunthu.

Kabokosi ka Oxford kamapangidwa ndi kampani ya Helix ya ku England, imene inayamba mumzinda wa Birmingham m'chaka cha 1887 ndipo kuyambira mu 2012 ili m'manja mwa kampani ya Maped ya ku France. Dzina lakuti Oxford linayamba kulembedwa pa zipangizozi m'chaka cha 1935, ndipo chithunzi cha nyumba chimene chili pa chivindikiro ndi cha Balliol College, imodzi mwa makoleji a yunivesite ya Oxford. Mukakatsegula mumapeza lula ya masentimita 15, protractor (choyezera ngodya) ya madigiri 180, masikweya awiri a pulasitiki yoonekera, kampasi yachitsulo yojambulira mikombero, kapensulo kakafupi, labala, shapena ndi kapulasitiki kobooka zilembo ndi manambala. Sikweya imodzi ili ndi ngodya za madigiri 45, 45 ndi 90, inayo ili ndi 30, 60 ndi 90. Timabokosi totchipa tija tinalinso ndi zinthu zomwezi, ndipo kamodzi kanali ndi utoto wowala kuposa ka Oxford, moti mwana wosankha ndi maso akanathamangira komweko.

Kusiyana kwake sikuoneka ndi maso, koma chimene chimandisangalatsa pa zipangizo zimenezi n'chakuti malamulo a ngodya ndi mizere amene mwana amaphunzira m'masabata oyambirira a Fomu 1 ndi omwewo amene angathe kuweruza ngati chipangizo chili cholondola kapena chabodza. Sipafunika makina aliwonse. Pamafunika pepala loyera, pensulo yosongoka bwino ndi kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayamba ndi lula. Lamulo loyambirira la jometiri limanena kuti pakati pa timadontho tiwiri pamadutsa mzere woongoka umodzi wokha. Choncho ndinaika timadontho tiwiri motalikirana masentimita 14, n'kulemba mzere wotilumikiza, kenako n'kugubuduza lula kuti mphepete yomweyo ikhale mbali inayo ya timadonthoto, n'kulembanso mzere. Lula ikakhala yoongoka, mizere iwiriyi imagona pamodzi n'kuoneka ngati umodzi, koma ikakhala yokhota, pakati pamatseguka kampata kooneka ngati diso la nsomba. Lula ya Oxford inapereka mzere umodzi. Mwa totchipa tija, ina inalinso yoongoka bwinobwino, ndipo ndiyenera kunena zimenezi mwachilungamo, koma inayo inasiya kampata koonda pakati, kokwanira kuti munthu akaone popanda kuyandikitsa pepala kumaso.

Mayeso a sikweya ndi amene ndimawakonda koposa, ndipo ndinayamba kuwaona kwa kalipentala wina wachikulire amene ankapanga mafelemu a zitseko pafupi ndi kwathu ndisanadziwe n'komwe dzina la Euclid, katswiri wakale wa masamu. Mumalemba mzere woongoka wogona, mumakhazika sikweya pamzerewo, ndipo mumalemba mzere woimirira motsatira mphepete yake. Kenako mumatembenuza sikweyayo kuti iyang'ane mbali inayo, phazi lake lili pamzere wogona womwewo, n'kulembanso mzere woimirira kuchokera pa kadontho komwe kaja. Chifukwa chake chagona pa lamulo lakuti mzere ukaima pa mzere wina woongoka, ngodya ziwiri zimene umapanga zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria, m'dziko la Iguputo, cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, analemba zimenezi monga mfundo ya nambala 13 m'gawo loyamba la buku lake la Elements, ngakhale iye sankawerenga madigiri koma ankati ngodya ziwirizo n'zofanana ndi ngodya ziwiri za sikweya. Ngati ngodya ya sikweya ilidi madigiri 90, kumanja 90 ndi kumanzere 90 zimadzaza 180 ndendende, ndipo mizere iwiri yoimirira ija imagwera pamodzi. Ikakhala 89, mbali ziwirizo zimangokwana 178, ndipo pakati pamatsala kampata ka madigiri 2. Ubwino wa njirayi ndi umenewu, kuti cholakwa chimaoneka chitawirikiza kawiri, moti ngakhale chikhale chaching'ono sichingabisale.

Masikweya onse awiri a Oxford anapambana mayeso amenewa, mizere inagona pamodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Sikweya ya madigiri 60 ya m'kabokosi kamodzi kotchipa inasiya kampata ka milimita imodzi ndi theka pamwamba pa mzere wa masentimita 8, zimene zikutanthauza kuti ngodya yake inaphonya ndi pafupifupi theka la digiri. Wina anganene kuti theka la digiri si kanthu, ndipo pa pepala la mwana mwina sikanthudi kwenikweni. Koma ngodya ili ndi khalidwe lakuti cholakwa chake chimakula mzere ukamatalika. Digiri imodzi yophonya imapatutsa mzere ndi mamilimita osakwana 2 pa mtunda wa masentimita 10, koma pa khoma la mamita 10 imapatutsa ndi masentimita oposa 17, ndipo pamenepo malata sakhalanso bwino padenga. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito akamayala maziko sadalira kasikweya kakang'ono kokha, koma amakoka chingwe n'kuyeza mamita 3 mbali ina, mamita 4 mbali inayo, n'kuonetsetsa kuti kuchoka pa chikhomo china kufika pa chinzake pali mamita 5. Ana ambiri amene ndimawaphunzitsa adzapita ku ntchito zoterezi, ndipo ndimafuna kuti dzanja lawo lizolowere ngodya yoona kuyambira pachiyambi.

Chipangizo chimene chimasiyanitsa kwambiri timabokosi timeneti ndi protractor. Ya Oxford ndi theka la mkombero, m'lifupi mwake muli masentimita pafupifupi 10, ndipo manambala ake amayenda mizere iwiri, wina kuchokera kumanja kupita kumanzere, wina kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pa kukula kotereku, mpata wa digiri imodzi m'mphepete mwake sukwana milimita imodzi, kotero kuti kasindikizidwe ka timizere n'kofunika kwambiri. Timizere ta Oxford n'toonda ndi tooneka bwino, ndipo kamtanda ka pakati, pamene pamakhala nsonga ya ngodya, kali pamalo pake. Ndinayesa zimenezi poika ngodya ya madigiri 60 ya sikweya yoyesedwa kale ija ndi kuwerenga kuchokera kumanja, kenako kuchokera kumanzere, ndipo mbali zonse ziwiri zinapereka 60. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi 45 ndi 30, ndipo palibe pamene inaphonya.

Zimene zinachitika ndi protractor ina yotchipa ndi zimene zinandichititsa kulemba ndemanga ino. Tsiku lina ndinauza ophunzira kuti aliyense ajambule thirayango ya mbali zitatu zofanana, ayeze ngodya zake, aziphatikize. Mtsikana wina wa pa benchi ya kutsogolo, amene amagwira ntchito yake mosamala kuposa anzake ambiri, anali atabwereka protractor ya m'kabokosi kotchipa kaja, ndipo anapeza 58, 58 ndi 58, zonse pamodzi 174. Anafufuta, anasongola pensulo, anayezanso, n'kupezanso 174. Ndinamuona akuyang'ana pa bolodi pamene ndinali nditalemba 180, kenako mwakachetechete anasintha manambala ake onse kukhala 60 kuti agwirizane ndi aphunzitsi. Nditamufunsa chifukwa chake, anayankha motsitsa mawu kuti, “Aphunzitsi, ndimaganiza kuti ndine ndalakwitsa.” Tinatenga protractor ija n'kuiyang'ana pa kuwala kwa pawindo, ndipo tinapeza kuti kamtanda kake ka pakati kanasindikizidwa mamilimita pafupifupi 2 kumbali. Poyeza kuchokera kumanja inkapereka 58, poyeza ngodya yomweyo kuchokera kumanzere inkapereka 62. Mwanayo anali atawerenga molondola chimene chipangizo chinamuonetsa, ndipo chipangizocho n'chimene chinanama.

Ichi ndi chimene ndimaopa pa zipangizo zosalondola, ndipo ndimachiona kuti n'choopsa kuposa malikisi awiri kapena atatu otayika pa mayeso. Mwana amene wayeza mosamala n'kupeza yankho losiyana ndi la m'buku amaphunzira kuti maso ake ndi osadalirika ndiponso kuti masamu ndi zinthu zongoloweza chifukwa aphunzitsi atero. Pamene chipangizo chili cholondola, zimene wayeza zimagwirizana ndi lamulo, ndipo amayamba kufunsa funso limene mphunzitsi aliyense amalilakalaka, lakuti n'chifukwa chiyani zimatero nthawi zonse. Pa funso limeneli protractor imakhala itamaliza ntchito yake, chifukwa kuyeza sikutsimikizira lamulo, kumangolozera kumene kuli lamulo. Mwachitsanzo, mizere iwiri ikadutsana imapanga ngodya zinayi, ndipo zoyang'anizana zimakhala zofanana. Kalasi yonse ikhoza kuyeza mitanda 60 yosiyanasiyana n'kupeza kuti n'zoona, komabe mtanda wa nambala 61 sunayezedwe. Chotsimikizira ndi kuganiza motere: ngodya ya kumtunda ndi ya kumanja zili pa mzere woongoka umodzi, choncho zimakwana 180, ndipo ya kumunsi ndi ya kumanja yomweyo zilinso pa mzere woongoka wina, choncho nazonso zimakwana 180. Mukachotsa ya kumanja mbali zonse ziwiri, ya kumtunda ndi ya kumunsi zimatsala zofanana, kaya mizereyo yadutsana motani. Mwana savomereza msanga kuganiza kotereku ngati pepala lake lomwe likumutsutsa.

Ntchito ina imene kabokosi ka Oxford kanandikhutiritsa nayo ndi yojambula mizere ya paralelo, ija imayenda limodzi osakumana ngati zitsulo za njanji. Njira yake ndi yogwira lula mwamphamvu ndi dzanja lamanzere, kutsamiritsa sikweya m'mphepete mwake, kulemba mzere, kenako kutsetsereza sikweyayo motsatira lula n'kulemba mzere wachiwiri. Ana ambiri amachita zimenezi osadziwa kuti akugwiritsa ntchito lamulo, koma lamulo lilipo: lula ikuimira mzere wopingasa umene ukudula mizere iwiriyo, ndipo popeza ngodya ya sikweya sinasinthe potsetsereka, ngodya ziwiri zokhala pamalo ofanana, zimene m'kalasi timazizindikira ndi chilembo cha F, n'zofanana, choncho mizereyo singakumane. Kuti zimenezi zitheke pamafunika pulasitiki yokhuthala pang'ono ndi mphepete zosalala. Masikweya a Oxford amatsetsereka bwino ndipo sakwera pamwamba pa lula. A m'timabokosi totchipa anali opyapyala kwambiri, moti mwana akakankha pang'ono sikweya inkalowa pansi pa lula, mzere n'kupatuka, ndipo ina inali ndi tinthu totsalira m'mphepete kuchokera kumene inaumbidwa, timene tinkakola pensulo.

Mizere ya paralelo ikajambulidwa molondola, maubale ena onse amaonekera pa pepala limodzi. Pali ngodya za chilembo cha Z, zimene zili mkati mwa mizere iwiriyo koma mbali zosiyana za mzere wopingasa, ndipo n'zofanana. Pali za chilembo cha C, zimene zili mkati ndiponso mbali imodzi, ndipo zikaphatikizidwa zimakwana 180. Kuchokera pa ngodya za Z ndi pamene timapeza chifukwa chenicheni chimene thirayango ya mtsikana uja inayenera kupereka 180: mukajambula mzere wodutsa pa nsonga ya pamwamba ya thirayango, wa paralelo ndi tsinde lake, ngodya ziwiri za pansi zimaonekeranso pamwambapo monga ngodya za Z, ndipo pamodzi ndi ya pansonga zimadzaza mzere woongoka. Euclid anaika nkhani za mizere ya paralelo pa mfundo 27 mpaka 29 ndipo ya thirayango pa mfundo 32, ndipo dongosolo limeneli ndi lomwe timatsatabe m'kalasi, kudziwa kapena kusadziwa.

Ndikafika pa ngodya za Z ndimakonda kufotokozera ana za Eratosthenes, amene ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ya ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, chifukwa nkhani yake imasonyeza kutalika kwa kumene lamulo laling'onoli lingafike. Iye ankadziwa kuti ku Syene, kumene lero kumatchedwa Aswan, pa tsiku lina la chaka dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, moti ndodo yoimika sikhala ndi chithunzithunzi. Tsiku lomwelo ku Alexandria, kumpoto kwa Syene, ndodo yoimika inali ndi chithunzithunzi chopanga ngodya yokwana gawo limodzi mwa magawo 50 a mkombero, amene ndi madigiri 7.2. Popeza dzuwa lili kutali kwambiri, kuwala kwake kumafika ngati mizere ya paralelo, ndipo ndodo ya ku Alexandria mukaipitiriza m'maganizo mpaka pakati pa dziko imakhala mzere wopingasa. Ngodya ya pa nsonga ya ndodo ndi ngodya ya pakati pa dziko, pakati pa mizinda iwiriyo, ndi ngodya za Z, choncho n'zofanana. Anangochulukitsa mtunda wa pakati pa mizindayo ka 50 n'kupeza kuzungulira kwa dziko lonse, kumene lero tikudziwa kuti ndi makilomita pafupifupi 40,000. Chimene chimadabwitsa ana anga n'chakuti kuchoka ku Karonga kufika ku Nsanje palinso kusiyana kwa madigiri pafupifupi 7 kuchokera kumpoto kupita kumwera, ndipo dziko lathu lili m'chigawo chimene dzuwa limafika paliwombo kawiri pa chaka, kotero kuti sukulu ziwiri za m'maboma amenewa zikhoza kubwereza ntchito yomweyo ndi ndodo, chingwe ndi protractor. Koma pa ngodya yaing'ono ya madigiri 7, protractor yophonya ndi digiri imodzi ikhoza kukulitsa kapena kuchepetsa dziko ndi makilomita masauzande angapo.

Kampasi ya Oxford ndi yachitsulo, ndipo mfundo ya pamwamba pamene miyendo iwiri imakumana ndi yolimba mokwanira kuti mpata umene mwatsegula usasinthe pamene mukuzungulitsa. Pa kampasi palibe china chofunika kuposa chimenechi. Pojambula ngodya ya madigiri 60 popanda protractor, mumabaya singano pa kadontho ka pa mzere woongoka, mumalemba kauta kodula mzerewo, mumasamutsa singano kupita pamene kauta kadula, n'kulemba kauta kena ndi mpata womwewo. Ngodya imatuluka 60 chifukwa mwapanga thirayango ya mbali zitatu zofanana, ndipo zonse zimadalira kuti mpatawo ukhale womwewo. Kuchokera pamenepo mumagawa pakati kuti mupeze 30 ndi 15, mumaimika mzere wa 90, mumaugawa kuti mupeze 45, ndipo 75 mumaipeza pogawa pakati mpata wa 60 ndi 90. Ndinajambula mkombero n'kuyenda m'mphepete mwake ndi mpata womwewo ka 6, ndipo kampasi ya Oxford inabwerera pa kadontho kamene ndinayambira, monga momwe ziyenera kukhalira popeza 60 kuchulukitsa ka 6 ndi 360. Makampasi a m'timabokosi totchipa anayamba bwino, koma pofika pakati pa teremu imodzi inali itafooka mfundo moti miyendo inkatanyuka yokha mwana akangotsindika, ndipo mkombero unkathera kunja kwa pamene unayambira. Inayo inatha mazinga a kanati kogwira pensulo, ndipo mwana amene ankaigwiritsa ntchito anachita kumanga pensuloyo ndi mphira.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti kabokosi ka Oxford n'kokwanira pa zonse, chifukwa kali ndi zoperewera zimene zimachokera ku kapangidwe kake. Lula ya masentimita 15 inapangidwa kuti ikwane m'kabokosi, osati kuti ikwane ntchito. Pepala la A4 ndi lotalika masentimita 29.7, ndipo mwana wojambula galafu kapena mzere wautali amachita kulumikiza kawiri, ndipo polumikizira pamenepo ndi pamene mzere umathyoka. Lula ya masentimita 30 iyenera kugulidwa payokha. Protractor ya theka la mkombero imavutitsanso pa ngodya zoposa madigiri 180 ndi pa mafunso a bearing, amene amawerengedwa kuchokera kumpoto kuzungulira motsatira mivi ya wotchi mpaka 360. Kuti ajambule bearing ya 250, mwana ayenera kuchotsa 180 n'kuyeza 70 kuchokera kumwera, kapena kuchotsa 250 pa 360 n'kuyeza 110 mobwerera, ndipo ambiri amasokonezeka pamenepo, pamene protractor ya mkombero wathunthu ikanathetsa vutoli. Mizere iwiri ya manambala ija nayonso imagwetsa ana ambiri, amene amawerenga 120 pamene ngodya ndi 60. Limeneli ndi vuto la protractor iliyonse, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzitsa mwana kuti asanayeze ayang'ane kaye ngati ngodyayo ndi yopapatiza kuposa ya sikweya kapena ndi yotambasuka kuposa pamenepo. Kapensulo ka m'kabokosi ndi ka m'kampasi basi, ndipo kapulasitiki ka zilembo kaja sindinakapezere ntchito m'phunziro lililonse la masamu.

Pa nkhani ya mtengo, kabokosi ka Oxford n'kodula kwambiri poyerekeza ndi ta pamsika, ndipo mtengo wake umakwera nthawi iliyonse kwacha ikagwa chifukwa ndi katundu wochokera kunja. Komabe ndaona ophunzira osamala akulowa nako m'chipinda cha mayeso a MANEB a JCE, n'kudzalowanso nako pa MSCE, kenako n'kusiyira mng'ono wawo, pamene timabokosi tiwiri totchipa tija sitinamalize teremu imodzi tili tathunthu. Kwa mwana amene akuyamba Fomu 1, ine ndimalangiza kugula ka Oxford ngati thumba likulola, chifukwa adzakagwiritsa ntchito zaka 4. Kwa mwana wa pulayimale amene amangofuna lula ndipo amataya zinthu sabata iliyonse, kugula kodula n'kuononga ndalama. Kwa kholo limene silingathe n'komwe, kotchipa kali bwino kuposa kutumiza mwana chimanjamanja kuti azikabwereka kwa anzake mayeso ali mkati, malinga kayesedwe kasanalipiridwe, popeza ngakhale mwa totchipa mumapezeka zipangizo zina zolondola, monga lula ija inapambana mayeso anga.

Chenjezo lina n'lakuti timabokosi tina timatsanzira mtundu, chithunzi ndi kalembedwe ka Oxford mwaluso ndithu, moti chivindikiro chokha si umboni. Ine ndikamagula ndimapita ndi pepala ndi pensulo m'thumba, n'kupempha wogulitsa kuti andilole kutsegula. Ndimatembenuza sikweya pa mzere woongoka, ndimayeza ngodya yake ya 60 ndi protractor kuchokera mbali zonse ziwiri, ndimatsegula kampasi n'kuifinya pang'ono ndi zala kuti ndimve ngati mfundo ikugwira, ndipo ndimapala kamzere kamodzi ka pa lula ndi chikhadabo kuti ndione ngati utoto ukuchoka. Zonsezi sizitenga mphindi 5, ndipo wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake sakana.

Mukafika nako kunyumba, lembani dzina la mwana mkati mwa chivindikiro ndiponso pa chipangizo chilichonse pachokha, chifukwa m'kalasi ya ana 80 timabokosi tonse timafanana ndipo protractor ndi imene imayamba kusowa. Muikemo kansalu kakang'ono kuti singano ya kampasi isamakande pulasitiki, pakuti protractor yokandika pakati imabisa kamtanda kaja, ndipo kabokosiko kasamasiyidwe padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, poti pulasitiki ikapindika siwongokanso. Pensulo yojambulira ikhale yolimba, ya HB kapena ya 2H, ndipo izisongoledwa mwana asanayambe funso lililonse, chifukwa mzere wa pensulo yobuntha ndi wonenepa pafupifupi milimita imodzi, ndipo pa protractor ya masentimita 10 milimita imodziyo imaphimba digiri yathunthu.